Masiku anayi ku Charleston popanda galimoto: ndiyambire pati?

Mlendo_wa_Okutobala
Moni nonse a pagulu pano. Ndidzakhala ku Charleston, South Carolina, masiku anayi kumayambiriro kwa Okutobala, Lachisanu mpaka Lolemba, ndipo galimoto ndilibe. Pa intaneti akungoonetsa nyumba zopaka utoto wowala, ngolo za mahatchi ndi minda ya maluwa, koma ine ndikufuna malo a mbiri, makamaka ya anthu akuda. Ndiyambire pati, nanga ndisiye ziti? Komanso kodi msika umene amautcha City Market ndi pamene ankagulitsira akapolo?

Namadzi22
Ayi, si pamenepo. Ambiri amasokoneza. City Market unali msika wa nyama, nsomba ndi ndiwo zamasamba, malo ake anaperekedwa ndi banja la Pinckney mu 1788. Akapolo ankabwerako kudzagula ndi kudzagulitsa zakudya, koma iwo sankagulitsidwira m'menemo. Malo amene mukufunawo ali pa 6 Chalmers Street, dzina lake Old Slave Mart Museum.

MphunzitsiWakale
A Namadzi anena zoona, koma ndiwonjezerepo. Kwa zaka zambiri anthu ankagulitsidwa poyera, pamsewu, makamaka pambali pa nyumba ya kasitomu yotchedwa Old Exchange, imene inamalizidwa mu 1771 ndipo ikadalipo kumapeto kwa Broad Street. Mu 1856 akuluakulu a mzinda analetsa malonda a pamsewuwo, osati chifukwa cha chisoni ayi, koma chifukwa ankatseka njira ndi kuchititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndiye amalonda anatsegula misika ya m'mipanda m'misewu ya Chalmers, State ndi Queen. Umodzi mwa iyo unali wa Thomas Ryan, ndipo nyumba ya pa Chalmers Street ndi gawo lake lotsala. Dziwaninso kuti ogulitsidwa pamenepo sanali ochokera kumene ku Africa, popeza kubweretsa akapolo kuchokera kunja kunaletsedwa kuyambira pa 1 Januwale 1808. Anali anthu obadwira konko, olekanitsidwa ndi abale awo n'kutumizidwa ku minda ya thonje ya kumadzulo. Nyumbayo ndi yaing'ono, zambiri ndi zowerenga pakhoma, ola limodzi likukwanirani. Lamulungu amatseka.

NyanjaYaMchere
Yambirani kudoko, pamene anthuwo anatsikira, ndiye zina zonse zidzamveka. International African American Museum inatsegulidwa pa 27 Juni 2023 pamalo otchedwa Gadsden's Wharf, m'mbali mwa mtsinje wa Cooper. Akatswiri a mbiri amati pafupifupi anthu 40 mwa 100 aliwonse amene anabweretsedwa mu ukapolo ku North America analowera pa Charleston. Kuyambira kumapeto kwa 1803 mpaka 1807 boma la South Carolina linatsegulanso malondawo, amalonda akuthamangitsana ndi tsiku loletsa lija, ndipo zombo za m'zaka zomalizazo zinkakocheza pa doko limeneli. Anthu mazanamazana anafera m'nyumba zosungiramo katundu pomwepo m'nyengo yozizira, akudikira kuti mtengo wawo ukwere.

N'chifukwa chake nyumbayo sinakhale pansi. Anaikweza pa nsanamira 18 kuti isaponde nthaka imeneyo. Pansi pake pali munda wa chikumbutso umene mungalowe osalipira, ndipo muli dziwe losaya lomwe pansi pake anajambulapo matupi a anthu atagonekedwa mothinana monga ankawalongedzera m'zombo. Madzi amadzaza n'kuphwa, zithunzizo n'kumabisika ndi kuonekanso. Mukapeza madzi atadzaza dikirani pang'ono. Tikiti ya mkati ndi ya nthawi yoikika, iguleni pa intaneti masiku angapo musanapite. Lolemba satsegula. Patulani maola atatu, awiri ndi ochepa.

Tsabola_Wakale
Ndiye Lachisanu m'mawa pamenepo, masana Fort Sumter. Boti lake limanyamukira pa Liberty Square, mphindi zisanu wapansi kuchokera pa miyuziyamupo.

Mlendo_wa_Okutobala
Zikomo kwambiri. Koma Fort Sumter si nkhani ya asilikali achizungu okhaokha? Ndingaisiye?

Tsabola_Wakale
Musaisiye. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera, imene inathetsa ukapolo inayambira pamenepo.

KapitawoWaDoko
Ndilongosole mmene ulendowo umakhalira. Lingalo lili pa kachilumba komanga ndi miyala pakamwa pa doko, ndipo njira ndi boti basi. Limanyamukira malo awiri, Liberty Square mumzinda ndi Patriots Point kutsidya ku Mount Pleasant. Onetsetsani pa tikiti malo amene mwasankha, chifukwa cholakwika chofala ndi kukaima pa doko lina boti likunyamuka pa linzake. Kupita ndi pafupifupi theka la ola, pa lingapo amakupatsani ola limodzi, kubwerera theka la ola, zonse pamodzi maola awiri ndi mphindi zingapo. Fikani padakali theka la ola. Mthunzi kulibe, tengani chipewa ndi madzi. Mphepo ikakula kapena kukachita ziphaliwali ulendo amauimitsa, ndiye osauika tsiku lomaliza.

Mizinga ya asilikali a kummwera inayamba kuwomba pa 12 Epulo 1861 m'bandakucha, ndipo patatha maola 34 Major Robert Anderson, mkulu wa asilikali a kumpoto amene anali m'lingamo, anagonja. Ena amakhumudwa poona kuti lingalo ndi lalifupi. Poyamba linali la nsanjika zitatu, koma mizinga ya a kumpoto inaliphwanya kuyambira 1863 mpaka 1865, kwatsala gawo la pansi lokha. Chinyumba chakuda cha konkire chimene chili pakati si cha nkhondo imeneyo, anamanga cha m'ma 1898. M'makoma ena zipolopolo za mizinga zikadali zokanirira.

Mukakwera pamwamba yang'anani kummwera, muona chilumba cha Morris. Kumeneko pa 18 Julayi 1863 gulu la asilikali akuda la 54th Massachusetts linathira nkhondo linga la Wagner, ambiri n'kufera pomwepo. Malo enieniwo nyanja inawadya. Ndiponso m'njira imene boti lanu lidutse ndi mmene Robert Smalls, kapolo woyendetsa sitima, anadutsitsa sitima ya Planter usiku wa pa 13 Meyi 1862, atanyamula banja lake ndi anzake. Anavala chipewa cha kapitawo, n'kuliza zizindikiro zoyenera pa linga lililonse mpaka kukafika kwa a kumpoto. Pambuyo pake anadzakhala phungu ku Washington.

Chembere77
Funso langa ndi la maesiteti. Ine sindiona chifukwa choti munthu wakuda alipire ndalama kukalowa malo amene makolo a anzathu anazunzikirapo, pamene lero akuchititsirapo maukwati pansi pa mitengo.

Namadzi22
Si onse amene ali chimodzimodzi, mayi.

Chembere77
Nanga kusiyana kwake n'kotani? Nyumba ya bwana ndi nyumba ya bwana basi.

MphunzitsiWakale
Dandaulo lanu ndi lomveka, a Chembere, ndipo anthu a konko amakangananso pa zomwezi. Koma kusiyana kulipo, ndipo kwa amene ali ndi nthawi ya esiteti imodzi yokha ndinganene McLeod. Ili pa James Island, makilomita asanu okha kuchokera pakati pa mzinda, ndiye takisi sikudula. Amaiyang'anira ndi a boma la dera la Charleston, anaitsegula mu 2015, ndipo nkhani yonse imene amafotokoza ndi ya anthu amene ankalima thonje pamenepo, osati mipando ndi mbale za eni ake. Mzere wa tinyumba tamatabwa ta akapolo ukadali chiimire, ndipo mabanja akuda anapitiriza kukhala m'tinyumbamo mpaka cha m'ma 1990. Nkhondo itatha, nyumba yaikuluyo inakhala ofesi ya Freedmen's Bureau, bungwe lothandiza omasulidwa. Ena anapatsidwa malo olima pomwepo, kenako boma n'kuwalandanso kubwezera eni akale. Tsatirani wofotokoza, musangoyenda nokha, chifukwa zikwangwani sizinena zonse. Lolemba ndi potseka.

Maesiteti atatu otchuka ali m'mbali mwa mtsinje wa Ashley, pa msewu wa 61, makilomita 20 mpaka 25 kuchokera mumzinda. Drayton Hall ndi nyumba ya njerwa ya zaka za m'ma 1700 imene anaisiya monga inalili, yopanda magetsi, yopanda mipando, ndipo pali manda akale a anthu akuda. Magnolia ndi ya maluwa, inayamba kulandira alendo mu 1870, ngakhale ilinso ndi ulendo wa ku tinyumba ta akapolo. Middleton Place ili ndi minda yoyalidwa kuyambira 1741 ndi kanyumba kotchedwa Eliza's House, mmene analemba maina a anthu oposa 2,000 amene banjalo linawasunga mu ukapolo. Nyumba yaikulu ya pamenepo inatenthedwa mu 1865, zotsala zake chivomezi cha 1886 chinagwetsa. Boone Hall ili mbali ina, ku Mount Pleasant. Nyumba yake ndi ya 1936, si yakale ayi, koma tinyumba 9 ta njerwa ta akapolo ndi tenitenidi.

Chembere77
McLeod ndavomera. Zinazo ndikadali pomwe ndinali.

Mlimi_wa_Mpunga
Amene anakulira ku Karonga, ku Nkhotakota kapena kuchigwa cha Chilwa akaone minda ya mpunga, adzamvetsa kuposa alendo ena onse. Chuma cha mzinda umenewu chinachokera mu mpunga, mtundu wotchedwa Carolina Gold, ndipo luso lolima linabwera ndi anthu a ku Senegal, Gambia ndi Sierra Leone. Amalonda ankalengeza m'nyuzi kuti chombo chabwera ndi anthu odziwa mpunga, mtengo n'kukwera.

Ntchito yake inali iyi. Ankagwetsa nkhalango za m'madambo ndi nkhwangwa, kuzula zitsa ali m'matope, n'kumanga migula ya dothi m'mbali mwa mtsinje ndi makasu ndi madengu. Pansi pa mgula ankaikapo bokosi lalitali lamatabwa lokhala ndi chitseko mbali zonse ziwiri, dzina lake trunk. Madzi a m'nyanja akamakwera amakankha madzi a mumtsinje kubwerera kumtunda, ndiye woyang'anira ankakweza chitseko chakunja, madzi opanda mchere n'kulowa m'munda. Akaphwa, chitseko chamkati chinkatsekeka chokha madzi n'kutsala. Pofuna kuumitsa munda ankakweza chamkati. Choopsa chinali mchere. Kukachita chilala madzi amchere ankakwera mtsinje kufika patali, ndipo wotsegula nthawi yolakwika ankapha munda kwa zaka zingapo. Motero woyang'anira zitsekoyo, yemwe anali kapolo, ankalawa madzi asanatsegule.

Ntchito inkaperekedwa ya ndime. Kawirikawiri ndime yopalira inali kota ya ekala pa tsiku, ukamaliza ukalime kadimba kako. Mpunga ankaupuntha, kuusinja mumtondo ndi munsi, n'kuupeta. Miyezi yotentha eni minda ankathawira mumzinda kuopa malungo, olima n'kutsala m'madzi momwemo, ndipo ana ankafa ochuluka zedi. Kuti muone migula ndi ngalande zake bwinobwino pitani ku Caw Caw Interpretive Center ku Ravenel, kapena ku Middleton Place. M'ngalandemo muli ng'ona za kumeneko, zina zimaothera dzuwa pa njira penipeni. Musayandikire, musaponyere chakudya.

Lichero_la_Agogo
Mwatchula kupeta, ndiye ndilowerepo. Madengu a udzu amene mudzaona pa City Market ndi m'timisasa ta m'mbali mwa msewu wa 17 ku Mount Pleasant anayambira pa lichero lopetera mpunga. Kusiyana ndi lathu n'kwakuti lathu timaluka ndi nsungwi, pamene iwo amasoka. Amatenga kamtolo ka udzu wonunkhira wotchedwa sweetgrass, n'kumakazunguliza kuyambira pa mfundo ya pakati, mzere uliwonse akuumanga ku unzake ndi timizere ta masamba a palmetto, ofanana ndi mlaza. Choboolera chake ndi chigwiriro cha sipuni chodula n'kunola. Mizere yofiirira ndi masamba a paini, yokhuthala yoderako ndi mlulu wa m'madambo a mchere umene umalimbitsa dengu.

Pogula onani izi. Tembenuzani dengu muone pansi, ambiri amalembapo dzina. Kanikizani m'mbali, losokedwa bwino silifwamphuka. Nunkhizani, lenileni limamveka fungo la udzu wouma. Mukaona ulusi wa pulasitiki kapena mulu wa madengu ofanana ndendende pa mtengo wotsika, amenewo ndi ochokera kunja. Gulani kwa amene akusoka pomwepo mukuona. Mtengo udzakudzidzimutsani, kakang'ono kokwana m'manja ndi madola makumi angapo, lalikulu mazana. Musanenerere ngati muli pa msika wa kaunjika, chifukwa dengu limodzi limadya masabata, ndipo udzuwo ukusowa poti magombe amene unkamera anamangapo nyumba ndi mipanda. Musajambule munthu musanapemphe. Likada litsukeni ndi madzi ozizira ndi kaburashi kofewa, liume pamthunzi.

WaKuLinga
Osoka madenguwa ndi a Gullah, zidzukulu za akapolo a m'mphepete mwa nyanja kumeneko, eti? Akuti m'chilankhulo chawo kudya amati nyam. Si nyama yathu yomweyi imeneyo? Mwina ena anachokera kwathu kuno, anadutsa kwa Jumbe.

MphunzitsiWakale
Mawuwo alipodi, koma tisathamange. Mawu ofanana ndi nyam amapezeka m'zilankhulo za ku West Africa monga Chiwolofu ndi Chifulani, ndipo kumeneko ndi kumene ambiri anachokera. Gulu lina lalikulu linali la ku Kongo ndi Angola, n'chifukwa chake muli mawu a Chibantu, monga guba kutanthauza mtedza, kuchokera ku nguba. Katswiri wa zilankhulo Lorenzo Dow Turner ndi amene anasonkhanitsa mawu otere m'zilumba za m'mphepete mwa nyanja kumeneko, ntchito yake inatuluka mu 1949. Koma anthu amene ankawolotsedwa pa Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800 ankapita ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo nthawi ya Jumbe doko la Charleston linali litatsekedwa kale ku malonda a kunja. Amene ankatsikira ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique ambiri anathera ku Brazil, Cuba ndi zilumba za m'nyanja ya India. A chigawo chathu amene anafika ku Carolina anali ochepa kwambiri.

WaKuLinga
Ochepa ndi anthu ndithu.

MphunzitsiWakale
Indedi, sindikukana. Ndikungoti mlendo wathuyu asakauze anthu a kumeneko kuti chilankhulo chawo ndi Chichewa.

Mkulu_wa_Mpingo
Ubale weniweni umene tingauloze ndi chala uli ku tchalitchi. Mpingo wa African Methodist Episcopal (AME) unafika ku Nyasaland kudzera mwa Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu m'zaka za m'ma 1920, ndipo ndi mpingo womwewo umene unathandiza Kamuzu Banda kukaphunzira ku Wilberforce, Ohio. Tsono tchalitchi chakale kwambiri cha mpingowu kummwera kwa America ndi Emanuel, pa 110 Calhoun Street, chimene amachitcha Mother Emanuel.

Chinayamba cha m'ma 1817 pamene anthu akuda anatuluka mu mpingo wa Methodist wa azungu motsogozedwa ndi Morris Brown. Mmodzi mwa atsogoleri anali Denmark Vesey, kalipentala amene anapata mphoto ya lotale mu 1799 n'kudziombola ndi madola 600. Mu 1822 anamuimba mlandu wokonza zoukira, anamupachika pa 2 Julayi, ndipo onse ophedwa pa mlanduwo anakwana 35. Tchalitchi anachigwetsa, ndipo kuyambira 1834 matchalitchi a anthu akuda okhaokha analetsedwa, anthu n'kumapemphera mobisa mpaka 1865. Chimene chilipo lero ndi cha 1891, chitagwa china ndi chivomezi. Pa 17 Juni 2015 mnyamata wachizungu wodana ndi anthu akuda analowa pa phunziro la Baibulo, anakhala nawo pafupifupi ola, kenako anapha anthu 9, mmodzi mwa iwo m'busa wawo Clementa Pinckney.

Ndiye chonde, amenewa si malo ojambulitsirapo zithunzi mukumwetulira pa masitepe. Mpingo ukadali wamoyo ndipo ofedwa amapempherabe momwemo. Mukafuna kulowa pitani Lamulungu m'mawa ngati wopembedza, valani za kutchalitchi, foni m'thumba, khalani mpaka mapemphero athe, ponyani chopereka. Chipilala cha Vesey chili ku Hampton Park, anachiimika mu 2014.

Mlendo_wa_Okutobala
Ndamva, bambo. Nanga zoyendera? Ndi ngolo za mahatchi zija n'zofunika?

Tsabola_Wakale
Ngolo zisiyeni. Njira simusankha ndinu, pa chipata pali makina a timipira ta lotale amene amagawira ngolo iliyonse dera lake. Mutha kulipira osaona n'komwe Battery, khoma loyendapo la m'mbali mwa doko kunsonga ya mzinda.

Namadzi22
Kwa okalamba ndi ovutika miyendo zimathandiza, a Tsabola. Ndipo lamulo lilipo, kutentha kukafika madigiri 35 mahatchi amawachotsa pamsewu.

KapitawoWaDoko
Mzinda wakale ndi kachigawo kopapatiza pakati pa mitsinje ya Ashley ndi Cooper, ndipo ndi wathyathyathya, miyendo ikukwanirani. Pali mabasi aulere otchedwa DASH, njira zitatu, 210, 211 ndi 213, zonse zimadutsa pa Visitor Center pa 375 Meeting Street. Kuchokera ku bwalo la ndege, lomwe lili ku North Charleston makilomita pafupifupi 19, basi nambala 11 imafika mumzinda. Kuwoloka kupita ku Patriots Point kuli kaboti ka takisi, kapena mutha kuyenda pa mlatho wa Ravenel umene uli ndi njira ya apansi, makilomita anayi. Kunja kwa mzinda mabasi ndi osadalirika. Ku maesiteti a pa msewu wa 61 kupita pa Uber n'kosavuta, vuto ndi pobwerera, chifukwa magalimoto kumeneko ndi osowa madzulo. Panganani ndi dalaivala nthawi yodzakutengani, apo ayi lowani m'maulendo a minibasi onyamukira pa Visitor Center.

Okutobala ndi mwezi wabwino, kutentha kwa Julayi kumakhala kutapita, koma nyengo ya anamondwe imatha pa 30 Novembala, ndiye muzitsatira zanyengo sabata yonse musananyamuke. Chinanso, miyezi imeneyo mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano madzi a m'nyanja amakwera kwambiri n'kusefukira m'misewu ngakhale kulibe mvula, makamaka cha ku City Market ndi kumadzulo kufupi ndi zipatala. Madziwo ndi amchere ndiponso auve, musapondemo. Nsapato zikhale zafulati, Chalmers Street ndi ya miyala yobulungira imene inkabwera m'zombo.

Mmisiri_wa_Njerwa
Poyenda wapansi musamangoona utoto. Rainbow Row, nyumba 13 za pa East Bay Street, mitundu yakeyo anayamba kupaka m'ma 1930 pokonzanso, mphindi khumi zikwana. Yang'anani zina izi. Nyumba zambiri zinatembenuzira mbali yopapatiza kumsewu, chipinda chimodzi m'lifupi, khonde lalitali lili chakummwera kapena kumadzulo kuti likole mphepo. Chitseko chimene mukuona pamsewu chimalowa pakhonde, osati m'nyumba. Pa makoma muona tizitsulo tozungulira ngati mbale, ndi mitu ya nsimbi zazitali zimene analowetsa kuchokera khoma lina kufika linzake pomanga nyumba zong'aluka ndi chivomezi cha pa 31 Ogasiti 1886. Njerwa zinaumbidwa ndi akapolo m'maesiteti, ndipo pa zina mukayang'anitsitsa muona madindo a zala, zina zazing'ono za ana amene ankazitembenuza zisanaume.

Mwa nyumba zolowamo sankhani Aiken-Rhett pa Elizabeth Street. Sanaikongoletse, utoto ukusupuka, koma kuseri kuli khitchini, khola la mahatchi ndi zipinda zimene akapolo ankagona pamwamba pake, zonse mkati mwa mpanda wautali wa njerwa. Pamenepo ndi pamene mudzaone ukapolo wa m'tauni mmene unalili. Tikiti yake mutha kuiphatikiza ndi ya Nathaniel Russell House ya 1808 pa Meeting Street, yotchuka ndi masitepe ozungulira opanda nsanamira, ndipo mwini wakeyo anali wamalonda amene anagulitsakonso anthu. Ku Charleston Museum, imene inayamba mu 1773, kuli timabaji ta mkuwa timene kapolo wobwereketsedwa kukagwira ganyu ankavala, tolembedwa nambala, chaka ndi ntchito yake.

Zipata zachitsulo zopotanapotana nazonso zili ndi eni ake. Zambiri za m'zaka za m'ma 1900 anasula Philip Simmons, mmisiri wakuda amene anabadwa mu 1912 n'kumwalira mu 2009. Chipata chake cha mtima chili kuseri kwa tchalitchi cha St. John's Reformed Episcopal pa Anson Street, ndipo nyumba ndi chipala chake zili pa Blake Street.

Nachisale_M
Palibe amene wanena za chakudya. Red rice ndi mpunga wophika mu tomato, m'bale wake wa jollof. Msuzi wa therere lobala amauphika ndi tomato ndi nyama, koma saika soda ngati ife, ndiye sutelereka kwambiri. Hoppin' John ndi mpunga wosakaniza ndi khobwe. Grits ndi phala lolimba la chimanga chogaya mokhakhala, amadyera shrimp. Benne wafers ndi timabisiketi ta chitowe. Zophika za a Gullah zenizeni muzipeza m'malesitilanti ang'onoang'ono kumtunda kwa mzinda ndi ku North Charleston, ambiri amatseka madzulo asanafike ndipo Lamulungu satsegula. Mtengo wa pa menyu ulibe msonkho, ndipo woperekera zakudya mumamuwonjezera 18 mpaka 20 pa 100 iliyonse.

Mlimi_wa_Mpunga
Grits si nsima, asakayembekezere kutema ndi manja.

Nachisale_M
Ndanena kuti phala, achimwene.

NyanjaYaMchere
Tibwerere ku funso. Kumayambiriro kwa Okutobala kumakhala MOJA Arts Festival, chikondwerero cha luso la anthu akuda a ku America ndi ku Caribbean, chimayamba kumapeto kwa Sepitembala. Zochitika zina ndi zaulere, onani ndandanda yake. Spoleto, chachikulu chija cha masiku 17, ndi cha Meyi ndi Juni, simuchipeza.

Lolemba, poti malo ambiri ndi otseka, pitani ku Sullivan's Island, makilomita 15 pa takisi. Zombo zambiri za akapolo zinkayamba zaima kumeneko, odwala n'kutsekeredwa m'nyumba za matenda masiku osachepera khumi asanaloledwe kulowa mumzinda. Nyumbazo kulibenso, koma kuseri kwa ofesi ya alendo ya Fort Moultrie kuli benchi lachitsulo lakuda loyang'ana kumadzi, loikidwa mu 2008 kuti pakhale pokhala pokumbukira. Linga la Moultrie lenilenilo ndi pamene pa 28 Juni 1776 asilikali anabweza zombo za Angerezi ali m'linga la mitengo ya palmetto ndi mchenga. Mtengowo ndi wofewa ngati chinkhupule, zipolopolo zinkangomira osauswa, n'chifukwa chake uli pa mbendera ya South Carolina. Pakhomo pali manda a Osceola, mtsogoleri wa a Seminole, mtundu wa eni dziko a ku Florida, amene anafera m'ndende pamenepo mu 1838. Pobwerera imani pa msewu wa 17 mugule dengu.

KapitawoWaDoko
Ngati mumakonda za makina, Loweruka masana kaoneni Hunley ku North Charleston. Ndi sitima yoyenda pansi pa madzi, anthu 8 mkati, 7 akupukusa chitsulo ndi manja kuti iyende. Pa 17 Febuluwale 1864 inamiza sitima ya a kumpoto yotchedwa Housatonic, iyonso osabwerera. Anaivuula mu 2000 ndipo ili m'thanki ya mankhwala ochotsa mchere m'chitsulo. Alendo amaloledwa Loweruka ndi Lamulungu basi.

Chembere77
Masiku anayi okha, musamudzazire mlendo. Hunley ndi ya amene ankamenyera kuti ukapolo upitirire. Nthawi imeneyo bola apite ku Johns Island, kumene Esau Jenkins ndi Septima Clark anayambitsa sukulu za akuluakulu mu 1957, zophunzitsa anthu kuwerenga kuti akhoze mayeso olembetsera kuvota. Mtengo waukulu wa Angel Oak uli pa chilumba chomwecho, kulowa ndi ulere.

KapitawoWaDoko
Johns Island popanda galimoto ndi kovuta, mayi, ndipo pa Progressive Club pamene panali sukuluyo patsala makoma ndi chikwangwani. Koma za Septima Clark akhoza kuziona mumzinda momwemo ku Avery Research Center pa Bull Street, sukulu imene iye anaphunzirako. Kumeneko ndi masiku a ntchito okha, ndiye ndi Lachisanu kapena Lolemba.

WaKuLinga
Nanga Stono? Mwaiwala.

MphunzitsiWakale
Sitinaiwale, koma pamalopo pali chikwangwani chokha m'mbali mwa msewu wa 17 cha ku Rantowles. Pa 9 Sepitembala 1739 akapolo pafupifupi 20, ambiri a ku Kongo, motsogozedwa ndi wina wotchedwa Jemmy, analanda mfuti m'sitolo pafupi ndi mtsinje wa Stono n'kuyamba ulendo wa ku Florida, kumene Asipanishi ankalonjeza ufulu. Ankayenda akuimba ng'oma, anthu n'kumawonjezekera m'njira, mpaka asilikali anawapeza madzulo ake. Chaka chotsatira kunabwera lamulo loletsa akapolo kusonkhana, kuphunzira kulemba ndi kukhala ndi ng'oma. N'chifukwa chake m'tinyumba ta mapemphero ta m'zilumbazo nyimbo ankaziyendetsa ndi m'manja, mapazi ndi ndodo yogogoda pansi. Nkhaniyi amaifotokoza bwino ku Caw Caw, komwe ndi kufupi, koma kumenekonso n'kofuna galimoto.

Mlendo_wa_Okutobala
Ndiye ndakonza chonchi. Lachisanu miyuziyamu ya pa doko ndi Fort Sumter. Loweruka Old Slave Mart, Old Exchange, kuyenda wapansi mpaka Battery, masana Aiken-Rhett. Lamulungu mapemphero ku Emanuel, masana McLeod. Lolemba Avery m'mawa, kenako Sullivan's Island ndi madengu. Pali cholakwika?

MphunzitsiWakale
Lamulungu lokha ndi lothina. Mapemphero a AME amatenga maola awiri kapena kuposa, ndipo ku McLeod amatseka 4 koloko, ulendo womaliza wa wofotokoza umayamba nthawiyo isanakwane. Mukatuluka m'tchalitchi itanani takisi pomwepo, chakudya mukadye pobwerera.

Lichero_la_Agogo
Ndipo dengulo musaliike m'sutikesi yopita pansi pa ndege, limaphwanyika m'mbali. Likulungeni ndi chitenje, mkati mwake muikemo zovala zofewa, mulinyamule m'manja.